Sefa yopepuka si umboni wakuti utsi wa laser ulibe vuto

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za nkhani imene anthu ambiri amaisiyira akatswiri a m'malabotale, chonsecho ndi nkhani ya mapapo a munthu amene amaima pafupi ndi makina kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Ndikunena za utsi umene umatuluka pamene makina a laser, ogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kwambiri, akudula chitsulo, kuwotcherera, kapena kulemba pa thabwa, pa pulasitiki ndi pa chikopa, komanso za njira zosiyanasiyana zimene malabotale amayezera utsi umenewu. Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba mu 1960, Kumar Patel n'kupanga ya mpweya wa carbon dioxide mu 1964, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makinawa afala kwambiri moti lero sapezeka m'mafakitale akuluakulu okha, koma ngakhale m'timalo ta ntchito ta anthu awiri kapena atatu. Amene anaonapo laser ikudula amachita chidwi ndi ukhondo wake, chifukwa palibe mpeni wokhudza chitsulo ndipo mzere umatuluka wosalala ngati wojambulidwa ndi cholembera. Koma walira mvula walira matope. Chitsulo chimene chasowa pa mzere wodulidwawo sichinazimiririke ayi. China chinagwa pansi chitasungunuka, china chinasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo itazizira inaundana n'kukhala utsi woyandama mu mpweya umene wantchito akupuma.

Chimene chandichititsa kulemba ndi chizolowezi chimene ndachiona kangapo pa zaka zimene ndakhala ndikuyeza mpweya wa m'malo a ntchito. Mwini fakitale amaitana oyeza, oyezawo amabwera ndi chipangizo chimodzi, patapita masiku lipoti limafika lili ndi nambala imodzi ndi mawu akuti zonse zili pansi pa malire ovomerezeka, kenako lipotilo limalowa mu fayilo aliyense mtima uli m'malo. Ndinawerengapo lipoti lotere pa fakitale ina imene sindiitchula dzina, kumene makina amodzimodzi ankadula chitsulo chopyapyala chosachita dzimbiri m'mawa, masana n'kumadula pulasitiki ya PVC. Oyeza aja anangopima kulemera kwa fumbi basi. Nambala yawo inali yoona, sindikuwanamizira, koma inkayankha funso limene silinali lalikulu pamalopo. Anyamata a pa makinawo ankatsokomola, maso ali psuu, ndipo njanji za makinawo zinali zitayamba kale dzimbiri ngakhale kuti anali asanakalambe, chimene kwa munthu wodziwa ndi chizindikiro cha asidi mu mpweya. Za asidi ameneyu lipotilo linalibe ngakhale liwu limodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira nambala iliyonse ya utsi imene sinena njira imene inaipeza, chifukwa njira iliyonse ili ndi mbali imene imaona bwino ndi mbali ina imene siionako n'komwe.

Kuti zimveke, tiyenera kudziwa kaye kuchepa kwa tinthu timene tikukamba. Micrometre imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa ma micrometre pakati pa 50 ndi 100. Fumbi lochokera pa makina opalira chitsulo ndi zidutswa zothothoka, motero lambiri ndi lalikulu ndipo limagwa pansi msanga. Utsi wa laser subadwa mwa kuthothoka koma mwa kuzizira kwa nthunzi, n'chifukwa chake tinthu take tambiri sitifika micrometre imodzi, ndipo tochuluka zedi n'tochepera ma nanometre 100, amene ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a micrometre. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 7708 wa mu 1995 umagawa fumbi patatu: lolowa m'mphuno ndi m'kamwa, lotsika kupitirira kholingo, ndi lofika m'timatumba ta mkatikati mwa mapapo mmene mpweya umakumana ndi magazi. Utsi wa laser pafupifupi wonse uli m'gulu lachitatuli.

Njira yakale kwambiri, imene malamulo ambiri a chitetezo cha pa ntchito anamangidwapo, ndi ya sefa ndi sikelo. Sefa yaing'ono imapimidwa mu labotale isanagwire ntchito, imaikidwa m'kachikho komangirira pa kolala ya wantchito, ndipo kapampu ka m'chiuno kamakoka mpweya kudzera pa sefayo kwa tsiku lonse la ntchito. Ikabwerera ku labotale imapimidwanso, ndipo kusiyana kwa kulemera kuwiriko, kukagawidwa ndi kuchuluka kwa mpweya umene unadutsa, kumapereka mamiligalamu a fumbi pa kiyubiki mita imodzi. Njira za NIOSH 0500 ndi 0600 za ku United States ndi MDHS 14 ya ku Britain zimagwira ntchito motere. Ine njira imeneyi ndimailemekeza, chifukwa sidalira kungoyerekeza: chimene chapimidwa ndi chimene chinagwidwadi. Komabe ntchito yake ndi yosakhwima kuposa mmene ikumvekera. Sefa imamwa chinyezi, motero iyenera kukhala m'chipinda chopimira kwa maola ambiri kuti ifanane ndi mpweya wa mmenemo isanakwere pa sikelo. Magetsi ochepa amene amamatirira pa pulasitiki ikakhudzana ndi zinthu zina amatha kunamiza sikelo, ndiye amayenera kuchotsedwa kaye. Labotale yosamala imatumizanso masefa ena amene amayenda ulendo wonse koma osakokedwa mpweya, kuti kusintha kwa kulemera kwawo kuchotsedwe pa enawo.

Vuto lalikulu la sikelo pa utsi wa laser ndi la masamu. Kulemera kwa kanthu kobulungira kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kunenepa kwake, moti kanthu kakanenepa kawiri kamalemera ka 8. Izi zikutanthauza kuti kanthu kamodzi ka micrometre imodzi kamalemera mofanana ndi tinthu 1 miliyoni ta ma nanometre 10. Kadontho kamodzi ka chitsulo chosungunuka kakathethekera pa sefa kangathe kulemera kuposa utsi wonse umene wagwidwa kwa maola angapo, ndipo mbali inayi, mpweya ungathe kudzaza ndi tinthu tosawerengeka sefa n'kubwerera ili yopepuka. Kapampu kokoka malita 2 pa mphindi kamadutsitsa malita 960 pa maola 8, osakwana kiyubiki mita imodzi, choncho pamalo pamene utsi ndi wochepa kulemera, chimene chagwidwa chimayandikira malire a zimene sikelo ingazindikire modalirika. Kuwonjezera apo, sikelo imapereka nambala imodzi ya tsiku lonse. Sinena ngati utsiwo unabwera pang'onopang'ono kapena unakhuthuka wonse m'mphindi zochepa.

Pofuna kudziwa za nthawi, anthu amagwiritsa ntchito zipangizo zowerenga pompopompo, ndipo chofala kwambiri ndi chija chowalitsa kuwala pa mpweya n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala kumene tinthu tamwaza. Chipangizo chimenechi chimakondedwa chifukwa chimaonetsa nambala sekondi iliyonse, yolembedwa m'mamiligalamu ngati kuti chapima. Koma sichipima kanthu. Chimangotembenuza kuwala kukhala kulemera potengera fumbi limene chinaphunzitsidwa nalo kumene chinapangidwa, ndipo zambiri zimaphunzitsidwa ndi fumbi lotchedwa la Arizona, limene ndi dothi lopera losiyana kutali ndi utsi wa chitsulo pa ukulu, pa mtundu ndi pa kulemera. Pa tinthu tochepetsetsa zinthu zimaipirako, chifukwa kanthu kochepera kwambiri utali wa funde la kuwalako kakachepa ndi theka, kuwala kumene kamamwaza kumatsika ka 64 pamene kulemera kwake kwangotsika ka 8. Tinthu ta ma nanometre ochepa timadutsa pamaso pa chipangizocho chosationa. Zowerengera tinthu kamodzikamodzi ndi kuwala nazonso kawirikawiri zimalekezera pa 0.3 ya micrometre. Ndiye amene ayika chipangizo chotere pafupi ndi laser ayenera kuyikanso sefa pambali pake tsiku lomwelo, kuti apeze nambala yokonzera zimene chikuwerenga. Popanda kutero, chingamuuze nthawi imene utsi wakwera ndi imene watsika, koma osati kuchuluka kwake kwenikweni.

Chipangizo chimene chimaonadi tinthu tochepetsetsa ndi chotchedwa CPC. Nzeru yake imandisangalatsa mpaka lero: mpweya umadutsa mu nthunzi ya butanol, isopropanol kapena madzi, kenako umazizidwa, nthunziyo n'kuundana pa kanthu kalikonse mpaka katakula kukhala kadontho kooneka ndi kuwala. Mwanjira imeneyi ngakhale tinthu ta ma nanometre 10 timawerengedwa. Koma CPC imangowerenga mitu, siidziwa ngati kanthuko ndi chitsulo, mwaye kapena mafuta, ndipo siisiyanitsa utsi wa laser ndi wa injini ya dizilo imene yadutsa pakhomo. Ikalumikizidwa ndi chosankhira tinthu ndi magetsi, n'kukhala chimene amachitcha SMPS, imapereka chithunzi chabwino cha ukulu wa tinthu, koma imafuna mphindi imodzi kapena zingapo kuti imalize kuwerenga kamodzi, pamene laser ingathe kudula mzere wake n'kuzima m'masekondi ochepa. Pa utsi wosinthasintha chonchi, chipangizo cha ELPI chimene chinapangidwa ku Tampere m'dziko la Finland chimathandiza koposa, chifukwa chimagawa tinthu m'magulu a ukulu n'kuwerenga magulu onse nthawi imodzi, ngakhale kuti nachonso chimafuna kuti woyeza ayerekeze kulemera kwa tinthuto, zimene n'zovuta pa utsi wolumikizana ngati unyolo.

Pali chinthu china chimene chimachititsa malabotale awiri oona mtima kupereka ziwerengero zosiyana kwambiri pa utsi umodzimodzi. Tinthu tikathithikana timagundana ndi kumatirirana, ndipo tikachuluka kwambiri timatero mofulumira. Pamene tili 100 miliyoni mu kiyubiki sentimita imodzi, chiwerengero chake chimatsika ndi theka m'masekondi pafupifupi 20, pamene kulemera kwa tonse sikusintha ngakhale pang'ono. Choncho woyeza amene waika paipi yake pafupi ndi podulira, ndi mnzake amene waiika kutali kapena wagwiritsa ntchito paipi yaitali, adzawerenga zosiyana, ngakhale kuti sikelo zawo zingagwirizane. Tinthu tochepetsetsa timamatiriranso m'makoma a paipi, makamaka ya pulasitiki wamba imene imasunga magetsi. Amene akuyerekeza malipoti awiri osafunsa kutalika kwa paipi, mtundu wake, ndi ngati utsiwo unasungunulidwa ndi mpweya woyera usanawerengedwe, akuyerekeza zinthu zosayerekezeka.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli, pa funso lakuti utsiwo wapangidwa ndi chiyani. Mu 2017 bungwe la IARC, limene lili ku Lyon ndipo limafufuza zoyambitsa khansa, linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu loyamba, la zinthu zimene umboni ulipo wokwanira kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Utsi wa laser pa zitsulo umabadwa mofananamo, ndipo zimene zilimo zimatsatira chitsulo chimene chikudulidwa. Malata okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi woyera wa zinc oxide, chifukwa zinki amawira pa madigiri 907 pamene chitsulo chenichenicho chimasungunuka pa 1,538, ndipo utsi umenewu umadwalitsa munthu ngati chimfine chachikulu patapita maola angapo ataupuma. Manganese wa m'zitsulo wamba akapumidwa kwa zaka amawononga ubongo, munthu n'kumanjenjemera ndi kuyenda movutika. Kuti zitsulo zimenezi zidziwike, labotale imasungunula sefa yonse mu asidi n'kupopera madziwo mu lawi la plasma lotentha kuposa madigiri 6,000, ndipo chitsulo chilichonse chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Imeneyi ndi njira ya ICP, monga ya NIOSH 7300 kapena ISO 15202, ndipo ndi yamphamvu chifukwa sefa imodzi imaulula zitsulo zambiri pakamodzi.

Komabe njira yamphamvuyi imalephera pa chinthu choopsa kwambiri cha mu utsi wa chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chofala cha mtundu wa 304 chili ndi chromium pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse ndi nickel magawo 8. Chromium ikatenthedwa pamene pali oxygen, ina imasanduka ya mtundu wa 6, imene imayambitsa khansa ya m'mapapo, pamene ya mtundu wa 3 ndi yosaopsa kwambiri poyerekeza. Lawi la plasma limaphwanya zonse n'kunena chromium yonse pamodzi, osasiyanitsa mitunduyi. Kuti ya mtundu wa 6 iyezedwe payokha pamafunika sefa ina, ya PVC kawirikawiri, osati ija yogwirira zitsulo zonse, chifukwa iyo imasandutsa chromium ya 6 kukhala ya 3 ili pasefa pomwepo. Kenako sefayo imaviikidwa m'madzi a mankhwala otsutsana ndi asidi, chromium ya 6 imapatulidwa ndi makina a ion chromatography, n'kusakanizidwa ndi diphenylcarbazide amene amaisandutsa yofiirira kuti kuchuluka kwake kuwerengedwe ndi kuwala. Ngakhale zonsezi zitachitidwa bwino, nthawi ndi mdani, pakuti chitsulo china chimene chili mu utsi womwewo chimapitiriza kusandutsa chromium ya 6 sefa ili m'bokosi. N'chifukwa chake njira ya ID-215 ya OSHA, bungwe la boma la United States loona za chitetezo cha pa ntchito, imafuna kuti masefa a ntchito yowotcherera ayezedwe pasanathe masiku 8. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kulakwitsa kulikonse pa mfundo zimenezi kumatsitsa nambala, sikuikweza, motero sefa yolakwika kapena yochedwa panjira imabala lipoti lotonthoza mtima.

Tiike pamodzi ndi malire ake. Mu 2006 bungwe la OSHA linaika malire a chromium ya 6 pa ma microgram 5 pa kiyubiki mita, pa maola 8 a ntchito, ndipo microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligalamu. Fumbi lonse lingathe kukhala lochepa moti sikelo n'kulivomereza popanda chikaiko, chromium ya 6 ili mkati mwake itadutsa kale malire ake. Sikelo sinaname, kungoti sinafunsidwe za zimenezo ndipo singathe kuziyankha.

Za mipweya ndi nthunzi nkhani yake ndi yosiyananso, chifukwa zimenezi zimadutsa pa sefa ya fumbi osasiya chizindikiro. Kupitirira theka la kulemera kwa PVC yeniyeni ndi chlorine, ndipo PVC ikatenthedwa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, amene akakumana ndi chinyezi cha m'maso, cha pammero kapena cha pa njanji za makina amasanduka asidi. Kunena zoona, PVC siyenera kudulidwa ndi laser n'komwe. Pulasitiki ya acrylic imatulutsa methyl methacrylate, matabwa a MDF, opangidwa ndi utuchi womatidwa pamodzi, amatulutsa formaldehyde wochokera mu guluu wake, polyurethane imatulutsa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo zinthu zina zokhala ndi nitrogen zimatulutsa hydrogen cyanide. Chilichonse mwa izi chili ndi msampha wake. Asidi amagwidwa m'kachubu ka silica gel kapena pa sefa yonyikidwa mankhwala. Nthunzi zambiri za pulasitiki zimagwidwa m'kachubu ka Tenax, kamene kamatenthedwa mu labotale kuti katulutse zimene kagwira, makina a GC-MS n'kuzipatula ndi kuzitchula mayina. Njira imeneyi ndi imene ndingasankhe pamene sindikudziwa chimene chili mu utsi, chifukwa imaulula ngakhale zimene sitinaziyembekezere. Koma formaldehyde ndi wopepuka kwambiri moti Tenax samugwira bwino, ndiye amafuna kachubu ka mankhwala a DNPH ndi makina a HPLC, monga mwa ISO 16000-3. Apanso pali msampha wina, pakuti ozone akakhalapo mu mpweya amadya zimene kachubuko kagwira, ndipo ayenera kuchotsedwa kaye mpweya usanalowe.

Palinso kachipangizo ka m'manja kotchedwa PID, kozindikira nthunzi poziwalitsira nyale yapadera, kamene ambiri amakadalira ngati mphuno yodziwa zonse. Nyale yake yofala ili ndi mphamvu ya 10.6 eV (eV ndi muyezo wa mphamvu ya kuwalako), pamene formaldehyde amafuna pafupifupi 10.9 kuti azindikirike. Woyeza angathe kuima pafupi ndi MDF imene ikufuka, kachipangizoko n'kuwerenga nthunzi zina zambiri kusiya formaldehyde amene IARC inamuika m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa. Timachubu tosintha mtundu timene timakokedwa ndi pampu ya m'manja n'tothandiza pofuna kudziwa msanga ngati chinthu chilipo, koma nambala yake ndi ya mphindi imeneyo yokha ndipo mipweya ina imatisokoneza.

Mfundo imene imasokoneza ngakhale anthu ophunzira ndi kusiyana kwa kuyeza mu chipinda cha labotale ndi kuyeza pamphuno pa munthu. Mu labotale amatsekera ntchitoyo m'bokosi kapena pansi pa chivundikiro, n'kukoka utsi wonse kudzera pa sefa yaikulu, kuti adziwe mamiligalamu amene akutuluka pa sekondi iliyonse. Muyezo wa ISO 15011-1 unalembedwa kuti uchite zimenezi pa kuwotcherera kwa magetsi, ndipo amene amautengera ku laser amakumana ndi zovuta zimene olemba ake sankalimbana nazo. Mutu wa laser umathamanga, galasi lake siliyenera kudetsedwa ndi utsi, mpweya wothandizira kudula, kaya oxygen kapena nitrogen, umatuluka mwamphamvu n'kusokoneza kayendedwe ka mpweya m'bokosimo, ndipo podula utsi wambiri umatulukira pansi pa chitsulo osati pamwamba. Ena amasankha kutunga pang'ono chabe mu paipi yotulutsira utsi, koma pamenepo liwiro la mpweya wolowa m'kachitungiro liyenera kufanana ndi la mu paipi, apo ayi tinthu tokulirapo timachuluka kapena kuchepa monyenga. Bokosi likakula kwambiri utsi umatayikira m'makoma, likachepa umathithikana n'kumatirirana. Mphamvu ya laser, liwiro lake, kuchindikala kwa chitsulo, ngakhale mafuta kapena pulasitiki yotetezera imene ili pamwamba pake, zonsezi zimasintha zotsatira.

Kuyeza kwa m'bokosi kuli ndi ntchito yake yabwino. Ndi kumene kungatiuze ngati kudula ndi nitrogen kukutulutsa utsi wosiyana ndi kudula ndi oxygen, kapena kukula kwa makina okoka utsi amene tiyenera kuyika. Koma sikunena chimene munthu wapuma. Chimene wapuma chimadalira pamene waima, nthawi imene amatsegula chitseko cha makina, ndi mmene amakhuthulira zotsalira za pansi kapena kusinthira masefa a chokokera utsi. Chimenechi chimayezedwa mkati mwa masentimita 30 kuchokera pamphuno ndi pakamwa pake, ndipo osati tsiku limodzi lokha, chifukwa masiku a ntchito safanana. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 689, monga unakonzedwera mu 2018, umafuna kuyeza katatu kapena kupitirira apo pongoyamba chabe, ndi kosachepera ka 6 pofuna kuweruza ndi masamu. Kabuku ka wogulitsa makina konena kuti utsi wake ndi wochepa kangakhale koona m'bokosi la labotale, koma sikangalowe m'malo mwa sefa ya pa kolala.

Mukandifunsa njira imene ndimaika patsogolo, ndinena mosabisa kuti ndi sefa ndi machubu omangirira pa wantchito, osankhidwa potengera zinthu zimene zikudulidwa pamalopo, kenako n'kufufuzidwa ndi mankhwala, osati kungopimidwa. Ndiyo njira imene ingayerekezedwe ndi malire a malamulo, ndipo ndiyo imatchula poizoni ndi dzina lake. Zipangizo zowerenga pompopompo ndimaziika pambuyo pake, osati chifukwa ndi zachabe, koma chifukwa ntchito yake ndi ina. Zimasonyeza pamene utsi ukutulukira ndi nthawi yake, ndipo kambiri ndaona chiwerengero cha tinthu chikulumpha pamene wantchito watsegula chivundikiro laser itangozima, zimene mankhwala ake ndi kungodikira pang'ono kuti chokokera chimalize ntchito. CPC ndiyonso ingaulule ngati sefa ya m'chokokera utsi yogwira tinthu tochepetsetsa, yotchedwa HEPA, yabooka kapena yaikidwa mokhota, chifukwa sefa ya HEPA ya gulu la H13 imayenera kugwira magawo 99.95 pa 100 a tinthu tovuta kwambiri kugwira, ndipo zimene zingadutsepo n'zopepuka moti sikelo singazimve. Koma HEPA sigwira mipweya. Imeneyo ndi ntchito ya sefa ya makala, imene ikakhuta imasiya kugwira mwakachetechete popanda kusintha maonekedwe, ndipo ngati palibe woyeza mpweya wotuluka kumbuyo kwake palibe angadziwe.

Eni mafakitale, atsogoleri a antchito, ngakhale atolankhani amene amalemba kuti malo ena anayezedwa ndipo ali bwino, ali ndi ufulu wofunsa labotale mafunso osafuna digiri. Angafunse dzina ndi nambala ya njira imene inagwiritsidwa ntchito, ndi ngati chivomerezo cha labotaleyo cha ISO/IEC 17025, chotsimikizira luso lake poyeza, chikukhudza njira imeneyoyo, chifukwa chivomerezo chimaperekedwa pa njira zotchulidwa osati pa nyumba yonse. Angafunse ngati kapampu kanayesedwa liwiro ntchito isanayambe ndi itatha, ndi chimene chinkadulidwa tsiku limenelo, pakuti kuyeza pa tsiku la matabwa sikunena kanthu za tsiku la chitsulo chosachita dzimbiri. Koposa zonse afunse tanthauzo la mawu akuti sichinapezeke. Mawu amenewa satanthauza kuti chinthucho palibe. Amatanthauza kuti chinali chochepera malire amene njirayo imatha kuona, ndipo ngati mpweya unakokedwa kwa mphindi zochepa chabe, malire amenewo angakhale pamwamba pa mlingo umene umavulaza munthu.

Ndikanapatsidwa mwayi wobwerera ku fakitale ija, ndikanayamba ndi kupempha kuti PVC ichoke pa makinawo tsiku lomwelo, popanda kudikira zotsatira za labotale. Kenako, pa masiku atatu a chitsulo chosachita dzimbiri, ndikanamangirira masefa awiri pa kolala ya wantchito aliyense, ina ya zitsulo zonse ndi ina ya chromium ya 6, n'kuyika CPC pafupi ndi chitseko cha makina kuti tione zimene zimatuluka chikatsegulidwa. Masefa a chromium ndikanawatumiza ku labotale madzulo omwewo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika